Masamba Pamsewu wa ku Unit L

Tabwerani mukhale pansi apa nonse, ana inu. Chipo, foniyo itembenuze iyang'ane pansi, sithawa. Inu ang'onoang'ono, chokani pa njinga yangayo. Imeneyo ikakugwerani mukadzukira kuchipatala, si zopepuka zanu zija zimene munthu amanyamula ndi chala chimodzi. Ndamva kuti dzulo kunabwera munthu wogula zitsulo zakutha, ndipo wina mwa inu anamulozera njingayi kuti aione. Sindifunsa kuti anali ndani, nkhope yake ndaiona kale. Ndingokuuzani chifukwa chake njinga imeneyi siyogulitsa, kaya ndili moyo kaya ndapita. Muzindiyankha m'Chishona chanucho ngati mufuna, ndinazolowera, koma kumva kokha mumve m'chinenero changa.

Akuluakulu mwa inu mukuwakumbukira Che Yusufu, bambo wamtali uja wa kofia yoyera, amene ankafika pano mtedza uli m'thumba la jekete, n'kumakupatsani umodziumodzi ngati mankhwala. Iwo anali Msilamu wa ku Machinga, ine Mkhristu wa ku Ntcheu, koma kuno ku Zimbabwe zimenezo zinali zazing'ono. Tonse tinali matchona, anthu amene tinabwera kuti tidzagwire ntchito chaka chimodzi, n'kukalambira konkuno. Ine ndi iwo tinapangana chinthu chimodzi. Tinati amene adzatsale adzaimirire pamaliro a mnzake, mtembo usananyamuke, adzanene m'Chichewa kumene munthuyo anachokera: mudzi wake, phiri lake, mfunda wake, ndi dzina la mayi ake. Lero ndikuuzani za tsiku limene pangano limenelo linandifika pakhomo.

Musaone ngati zinali zocheza. Tinapangana tikuchokera kumaliro a mnzathu wina kudera la St Mary's. Wolalikira anafunsa ana a malemu kuti, "Bambo anu kwawo kunali kuti?" Ana aja anayang'anana, wamkulu n'kuti, "Ku Malawi." Basi, zathera pomwepo. Ku Malawi! Ngati kuti Malawi ndi khomo la nyumba. Munthu amene ife tinkadziwa kuti anabadwira pafupi ndi dambo lakuti, anaweta ng'ombe za amalume ake akuti, analowa m'manda wopanda kwawo. Pobwerera tinayenda chokankha njinga mtunda wautali. Kenako Che Yusufu anaima.

"A Gama, ine zimenezi zisadzandichitikire. Mwamva? Mudzabwere ngakhale chokwawa."

Ndinati, "Nanga ndikadzayamba ndine?"

"Ndidzalowa m'tchalitchi mwanumo ndi kofia yangayi. Adzandithamangitse ngati afuna."

Tinadziwana chifukwa cha tcheni. Masiku amenewo tinkagwira ntchito kumafakitale a ku Harare, ndipo basi inali ya anthu ena, ife tinkapalasa. M'mamawa msewu wa Seke unkadzaza njinga zakuda mbwee, aliyense kachitini ka chakudya atamangirira pakaliyala, miyendo ya thalauza atailowetsa m'sokosi kuopa girisi. M'nyengo yozizira zala zinkauma gwa pahandulo, moti pofika kuntchito umalephera kumasula batani la jekete. Tsiku lina ndinapeza munthu atagwada m'mbali mwa msewu, tcheni itaduka, akuitukwana. Anthu onse ankangomulambalala. Ine chimene chinandiimitsa si chifundo ayi, ndi kutukwanako. Kunali kwa kwathu! Ndinali nditatha miyezi osamva Chichewa chokoma chotere. Ndinatsika, tinalumikiza tcheni ija ndi msomali ndi mwala, tonse tinachedwa kuntchito, tonse anatikalipira. Chibale chinayambira pomwepo.

Kaliyala mukuionayi yanyamula mtundu wonse wa pano. Panakhala agogo anu aakazi, anaBanda, ndikuwafunsira, atakhala chammbali, akunamizira kuti sakuopa. Panakhalanso iwo omwewo ali ndi pakati pa bambo anu aakulu, ndikupalasa pang'onopang'ono kupita kukiliniki. Malata a chimbudzi chakale chija anabwera pamenepa. Nkhuku, matumba a chimanga, mwana wodwala, zonse. Ndiye wina n'kumati ndi chitsulo chakutha. Ha!

Mungaganize kuti munthu wopalasa sabata yonse angafune kupuma Lamulungu. Ayi ndithu. Lamulungu masana, ife a tchalitchi tikaweruka, tinkakumana pamagolosale a pa Huruyadzo, gulu lonse la akwathu, njinga zitapukutidwa mpaka masipoko akuwala. Che Yusufu tinkawapeza atadikira pansi pa mtengo, akudandaula kuti mapemphero athu satha. AnaBanda ankandikulungira mbatata yophika ndi chigumu m'pepala, tiyi m'botolo lovekedwa sokosi kuti asazizire msanga. Chigumu inu simuchidziwa, mumangodziwa za m'mapepala onyezimira zija. Tikatero, uyo ulendo kumapulazi, minda ikuluikulu ija, kumene akwathu ambiri ankakhala m'makomboni a antchito, kapena kungozungulira Zengeza ndi Seke muno kuzonda odwala ndi kuona ana obadwa kumene. M'dzinja tinkawoloka timitsinje njinga zili pamapewa, nsapato zili m'khosi. M'chilimwe fumbi linkatisandutsa anthu ofiira, ana m'makomboni n'kumatithawa. Ulendo tinkauyeza ndi makomo. Munthu akafunsa kuti mwayenda bwanji, timati, "Tafika kwa auje, kwa auje ndi kwa auje." Za makilomita panalibe ankazidziwa.

Tinali ndi malamulo athu. Wotsogolera ankakhala amene ali wofooka kuposa tonse, kuti pasapezeke wotsala. Tayala la mmodzi likaphwa tonse tinkatsika, wina atulutsa guluu, wina kachidutswa ka chubu chakale, wina akupala ndi mwala. Koma lamulo lalikulu linali la masamba. Tcherani khutu apa, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Kuno pakagwa maliro amamanga kansalu kofiira pageti kapena pakona ya msewu, nonse mumadziwa. Kwathu sititero. Kwathu timathyola nthambi za masamba aawisi n'kuziyala chodula msewu, mzere umodzi usanafike panyumba ya maliro, wina utapitirira. Wa galimoto amachepetsa liwiro, wa chipewa amavula, wa njinga amatsika n'kuyenda chokankha mpaka atadutsa mzere wachiwiri. Kaya malemuyo umamudziwa kaya ayi, kaya ukuthamangira chiyani, umatsika basi. Kale akwathu kuno ankaikabe masamba, ndipo tikawaona tinkadziwa kuti wagona apayu ndi wathu. Pang'ono ndi pang'ono zinatha. Masiku ano masamba pamsewu amangotanthauza lole yakufa kapena dzenje.

Gulu lija linatha ngati mano m'kamwa, lero ili, mawa ilo. Ena anabwerera kumudzi ntchito zitatha, ena tinawanyamula. Mapulazi nawo anasintha, a m'makomboni anabalalika. Tinatsala awiri. Che Yusufu anali ndi nyumba ku Unit L, ine kuno ku Zengeza 1, ndipo Lamulungu lililonse wina ankapalasa kupita kwa mnzake. AnaBanda atatisiya, iwo ndi amene ankabwera ndi mbatata, kungoiika patebulo. Kenako mawondo angawa anakana. Iwonso matenda anawagwira mbali imodzi, mkono ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka. Ndinkapitako mwa apo ndi apo pa kombi, imene kwathu timati minibasi. Ulendo womaliza anandigwira ndi dzanja lawo lamoyolo n'kuyesa kuyankhula, mawu osatuluka. Ndinati, "Ndikukumbuka, achimwene, musavutike." Anatsinzina, ndipo anandisiya dzanja.

Tsono apa pakulowa mkulu wanuyu, amene wakhala apoyu ngati sakumva. Mayi ake anamutcha Takudzwa, ine ndinamutcha Limbani, ndipo ndidzamuitana choncho mpaka kufa. Atayamba ntchito anagula njinga ija yowonda ngati udzudzu, yopanda kaliyala, yopanda belu, yopanda mudigadi. Ndinamufunsa kuti, "Nanga thumba la chimanga ulimangirira pati?" Anaseka mpaka misozi. Loweruka lililonse amalawirira, atavala kakabudula kothina kaja kamene ine sindingatuluke nako ngakhale nyumba itapsa, chipewa cholimba kumutu, kukakumana ndi anzake. Amathamanga motsatana, mutu pansi, maso patayala la wakutsogolo. Pobwera amandionetsa foni. Imajambula mzere wofiira pamapu monse wadutsa, ndipo imanena pamene wathamanga, pamene wachedwa, ngakhale kugunda kwa mtima wake. Ine n'kumafunsa kuti, "Wafika kwa yani?" Iye n'kuti, "Hapana, Sekuru." Kwa aliyense ayi! Sekuruyo ndiye ine, agogo m'Chishona chanucho. Thukuta lonselo osanena "odi" pakhomo la munthu. Ndinkamuseka, koma ndisaname, mumtima ndinkanyadira. Miyendo imeneyo ndi yanga, ndinali nayo ine ndili mnyamata.

Loweruka limene ndikunenalo magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake, ndipo kafoni kanga kanali kakufa pawindo. Ndinali nditakhala pomwe ndakhala pano. Limbani anafika dzuwa litakwera, nkhope ili ngwee. Anasamba, anadya, kenako anabwera ndi foni yake.

"Sekuru, tarisai!"

Akuti ndione, wadziposa yekha, chiyambire sanathamangepo choncho. Ndinati, "Munthu kupikisana ndi iwe mwini, ukapambana waluza ndani?" Sanandimve n'komwe. Anapitiriza m'Chishona chake kuti akanachita bwino kuposa pamenepo, koma pamalo ena anachedwa pang'ono chifukwa anthu ena anataya zinyalala pamsewu. Anandilozera pamene mzere uja unasintha mtundu.

Ndinati, "Zinyalala zanji?"

"Mashizha," anatero. Ndiwo masamba m'chinenero chanu.

"Panali lole yakufa?"

"Aiwa."

"Dzenje?"

"Aiwa, Sekuru." Akuti nthambi zinayalidwa chodula msewu wonse, ndipo patsogolo pang'ono panalinso mzere wina. Iye ndi anzake anangopondapo n'kumapita.

Ndinati, "Takulitsa mapuwo." Anawatambasula ndi zala ziwiri. Maso angawa saona tizilembo, koma misewu ya ku Unit L ndimaidziwa ndi miyendo. Ndinazindikira pokhota paja mukadutsa mjigo, umene inu mumati chibhorani, ndi kamsewu kotsetsereka kaja. Ndinamufunsa ngati anaona anthu. Anaganiza, n'kuti inde, ngati panali azibambo a makofia atakhala pamabenchi pafupi ndi geti lobiriwira, koma sanayang'anitsitse. Ana inu, ku Unit L konse kunali munthu mmodzi yekha amene akanalamula ana ake kuika masamba pamsewu.

Asilamu sagoneka maliro. Munthu akamwalira m'mawa amamusambitsa, kumukulunga m'sanda, ndipo swala ya masana ikangotha anyamula jeneza, chimene amanyamulira mtembo, ulendo wa kumanda. Ndinayang'ana mthunzi wa nyumba, unali utafupika kale. Ndinati, "Limbani, Che Yusufu atisiya, ndipo iwe wadutsa pamaliro awo ukuthamangitsana ndi foni!" Ndinanena mwaukali. Mwanayu nkhope inagwa. "Ndanga ndisingazivi, Sekuru." Sankadziwa, zoona. Anabadwira kuno, ndipo anaona zimene aliyense wobadwira kuno akanaona.

Anati tithamangire kombi. Kombi Loweruka masana! Ukakhale m'menemo kudikira idzaze, anyamata oitanira akukuwa, kenako ukatsike ukadikirenso ina. Tikanakafika anthu akusamba m'manja. Galimoto ya aneba inali itapita kuukwati. Ndinati, "Tulutsa njinga." Anathamangira yake ija, n'kuima nayo kakasi, chifukwa pokhala ine panalibe. Ndinati, "Osati udzudzuwo. Yanga."

Inali itakhalitsa kuseri kwa chitseko, matayala ataphwa, kangaude atamangapo nyumba. Anapopa, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, machubu anasunga mpweya. Anathira mafuta ophikira patcheni, n'kuvala chipewa chake cholimba chija. Anapinda bulangete pakaliyala, anandinyamula n'kundikhazikapo, ine nditavala jekete lakuda ndi chipewa, ndodo yanga ataimangirira panjinga. "Batai zvakasimba," anatero, ndipo ndinamugwiradi zolimba m'chiuno.

Njinga iyi ndi yolemera, ilibe magiya, ndipo inenso sindine wopepuka. Poyamba inkapita uku ndi uku, azimayi a pamsika akutiseka, ana akutithamangira. Kenako anaizolowera. Ndinamva msana wake ukugwira ntchito, malaya atanyowa, mpweya uli wefuwefu. Maenje a m'misewu yathuyi mumawadziwa, lililonse ndinalimva m'mafupa. Koma mphepo ija itandiomba kumaso, abale inu, ndinalira. Ndinali nditaiwala mmene msewu umamvekera pa njinga, ndipo ndinakumbukira kuti munthu amene ndinkayenda naye misewu imeneyi wagona m'sanda. Ndinayamba kumuuza Limbani kumsana kwakeko zonse ndakuuzanizi, za masamba, za kutsika, za pangano. Sindinadziwe ngati akumva, chifukwa mphepo inkatenga mawu, ndipo Chichewa chake mukuchidziwa. Pachitunda anaimirira pamapedulo, njinga ikulira kwii kwii, ine ndikupemphera kuti tcheni isaduke.

Titakhota pamjigo paja ndinawaona masamba, atafota kale ndi dzuwa, matayala atawapondaponda. Ndinaonanso chimene ndinkachiopa. Kutsogolo, pageti lobiriwira, azibambo anali ataimirira, jeneza ili kale pamapewa, italoza kumanda, mbali ya kutali ndi ife. Kuchokera pamasamba kufika pageti ndi kamtunda kochepa kwa inu, koma kwa mawondo angawa ndi ulendo. Pa njinga tikanafika m'kuphethira kwa diso. Ndikuuzeni zoona, ine mwini malamulo, pakamwa panga panadzaza mawu akuti, "Pitirira, mwanawe, pitirira!"

Ndisanatsegule pakamwa ndinamva mabuleki. Limbani anaima asanaponde tsamba ndi limodzi lomwe. Anatsika, ananditsitsa, anavula chipewa chake cholimba chija n'kuchikoleka pahandulo. Ine ndinavula changa. Dzanja limodzi anagwira njinga, lina anagwira ine, tinayamba kuyenda. Jeneza nayo inayamba kuyenda. Kufuula sindikanatha, pamaliro safuula. Ndinangoti mumtima, basi achimwene, ndalephera, mundikhululukire.

Pamenepo mayi wina anadzambatuka pakati pa azimayi n'kuthamangira kwa shehe. Anali Abiti Yusufu, mwana wawo wamkazi amene ankawasamala. Analoza kumene tinali. Shehe anakweza dzanja, jeneza inaima, anaitsitsa pansi. Khamu lonse linatembenuka kuyang'ana nkhalamba ndi mnyamata akukankha njinga yakuda. Ndinkangomva ndodo yanga ndi kulira kwa tcheni, ndipo anatidikira mpaka tinafika.

Shehe anali mnyamata wobadwira konkuno. Anandiyankhula m'Chichewa chopunthwa kuti, "Agogo, nthawi yatha, koma nenani." Ndinatsamira phewa la Limbani. Sindinatalikitse.

"Amene mwanyamulayu ndi Yusufu, mwana wa Abiti Ndala. Mfunda wake ndi Milanzi. Kwawo ndi kwa Chipojola, kuseri kwa phiri la Chikala, ku Machinga. Pamudzi pawo pali mlambe pafupi ndi chitsime, ndipo mayi ake anagona kumunsi kwa mlambewo. Anabwera kuno pa sitima ali mnyamata, atanyamula bulangete limodzi. Si munthu wongotola pamsewu ayi. Ali ndi kwawo. Achimwene, ndafika. Pitani bwino."

Nditatchula Chikala, mayi wina wokalamba amene sindinkamudziwa analira mokweza kumbuyo. Kani nayenso anali wa komweko, ndipo anali atatha zaka osamva dzina la phirilo pakamwa pa munthu. Azibambo ananyamulanso jeneza. Limbani anandikweza titadutsa mzere wachiwiri wa masamba, tinawatsatira kumanda, ndipo ndinaponya dothi ndi dzanja langali.

Titabwerako Abiti anandifotokozera. Foni yanga anaiimba m'mawa wonse osalowa. Anatuma munthu pa kombi, amene anadzafika pano ife titachoka kale. Masamba aja anaika chifukwa bambo ake anamulamula akadali okhoza kuyankhula, ngakhale aneba anamufunsa kuti akutayiranji zinyalala pamsewu. Bambo ake anamuuzanso kuti, "Ukadzaona munthu watsika pa njinga pamasamba, ameneyo ndi wathu, mudzamudikire." Kuyambira m'mawa anali akuyang'ana. Panadutsa magalimoto, panadutsa ngolo, panadutsa anyamata a makabudula othina liwiro la mtondo wadooka. Panalibe anatsika. Maso ake anali atatupa ndi kulira, patali paja nkhope zathu sanazione, anangoona anthu awiri akutsika pa njinga. Pomwe ankanena za anyamata a makabudulawo, Limbani anali atazyolika, ndipo ine sindinamuulule.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka, ndipo sitinathamange. Kani foni yake ija inali ikujambulabe m'thumba. Akuti unali ulendo wochedwa kuposa wina uliwonse umene anayendapo, anzake anamuseka nawo sabata yonse, koma mpaka lero sanaufufute. Ine ndinali ndi zanga mumtima, chifukwa pangano lija linali la anthu awiri. Mbali yanga ndinali nditakwaniritsa, koma munthu amene akanadzandiyankhulira ine ndi amene tinali titangomukwirira. Ndinkamva chisoni, ndipo ndinkamvanso mantha, sindibisa. Titayandikira Zengeza, Limbani anachepetsa kupalasa. Anayankhula osatembenuka, mawu akutuluka limodzilimodzi, m'Chichewa.

"Agogo... nanga inu... kwanu ndi kuti?"

Osati Sekuru. Agogo. Ndinamuuza, ndipo anabwereza. Analakwitsa, ndinamukonza, anabwerezanso. Ndine Gama, mwana wa anaMoyo, wa kwa Mpotola, m'munsi mwa phiri la Mvai, ku Ntcheu. Anati ajambule mawuwo pafoni kuti asaiwale. Ndinati, "Jambula, koma foni imafa magetsi akathima, waona wekha lero. Uikenso m'mutu."

Kuyambira pamenepo mumamuona. Loweruka akabwera kothamanga ndi anzake, amasamba, amavala thalauza la anthu, n'kutulutsa njinga iyi. Amandikweza, timapita kwa Abiti Yusufu, timapita kwa mayi wa ku Chikala uja, ndi makomo ena awiri atatu amene atsala. Kuthamanga sanasiye, ndipo asasiye, miyendo ndi ya ntchito imeneyo. Koma tsopano ndikamufunsa kuti wafika kwa yani, amakhala ndi yankho.

Tsono mvetserani, nonse. Tsiku langa likadzafika, kansalu kofiira mudzamange pageti kuti aneba adziwe. Takhala nawo bwino, ndi anthu athu. Koma mudzathyolenso nthambi za mtengo wa mango uwu, umene anabzala anaBanda, mudzaziyale chodula msewu, mzere umodzi uko, wina uko. Anthu adzanena kuti mwataya zinyalala, musadzawayankhe. Wina akadzatsika pa njinga, mudzamupatse mpando wakutsogolo. Koma ndikudziwa kuti mwina sadzatsika aliyense. Zikadzatero, Limbani, udzatulutse njinga iyi, udzapite nayo kuseri kwa masamba, udzabwere ukukankha, chipewa chili m'manja. Ukadzafika pageti udzaimirire, udzanene kwathu.

Koma munthu mmodzi sakwana, ndaona ndekha. Akhoza kudzakhala kutali, akhoza kudzachedwa. Ndiye nonse muyenera kudziwa, ndi inu ang'onoang'ono omwe. Chipo, yamba ndiwe. Usaseke, pukuta m'masomo. Agogo ako kwawo ndi kuti?

Ayi, mwanawe, osati "ku Malawi." Yambanso.